Ndinafuna kuposa duwa pa ntchito yake, botolo la shuga n'kundipachika

Nditapuma pa ntchito kumapeto kwa 2021, ndinatenga gawo la ndalama za penshoni n'kuganiza zosandutsa bwalo la kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni kukhala malo ochitirapo zinkhoswe ndi kujambulitsirapo zithunzi za ukwati. Malowo ndi otsetsereka, ndipo ukaima kumtunda kwake phiri la Michiru limaoneka bwinobwino. Koma malo otere mu Blantyre muno alipo ambiri, ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ku Sunnyside, choncho ndinkafuna kanthu kondisiyanitsa ndi anzanga. Ndinakumbukira timbalame tonyezimira ta milomo yaitali yopindika tija timayamwa maluwa, tomwe kwathu timati choso, pa Chingerezi sunbird. Tili ana tinkatisaka ndi legeni. Tsopano ndinkafuna tizidzaza pabwalo panga kuti mkwatibwi akamajambulidwa tizimuzungulira. Mayi a kunyumba anangoseka, nati bola ndisamalize ndalama ya malata.

Mu Januwale 2022 ndinagula maluwa a K380,000 kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu. Ndinkasankha ndi maso: bougainvillea wa mitundu inayi, ma rozi, ndi hibiscus wa maluwa othithikana aja ooneka ngati diresi la paukwati. Ma aloe 40 ndinangowonjezera chifukwa anali otchipa ndipo mnyamatayo ananena kuti mbalame zimawakonda. Anali mphukira zochokera pa tsinde limodzi lomwe linakula kuseri kwa nyumba yawo. Zimenezi ndinazimva, koma sindinazione ngati nkhani.

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zofiira za bougainvillea zija si maluwa ayi, ndi masamba chabe. Duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera kali pakati, ndipo choso alibe nako ntchito kwenikweni. Maluwa othithikana nawo anthu anawasankha chifukwa cha kukongola, ambiri mwa iwo timadzi totsekemera tomwe mbalame zimayamwa alibe kapena njira yofikira ku timadzito ndi yotsekeka. Ndikanadziwa, ndikanang'amba duwa limodzi pomwepo pogula, n'kufinyira kunsi kwake pa chikhadabo. Likakhala la mbalame kadontho kamaoneka. Musamalawe lililonse monga tinkachitira ku ubwana, chifukwa maluwa ena a m'tauni, monga oleander, ali ndi poizoni.

Ndinalemba ntchito madala ena omwe anagwirapo m'mabwalo a ku Sunnyside kwa zaka zambiri, azibwera katatu pa sabata. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti ma aloe tiwadzale kumtunda, pa miyala. Ine ndinkawafuna kumunsi, pafupi ndi mtengo wa mango, pomwe alendo azikhala.

"Abambo, apa ndi pa dothi la makande, pamasunga madzi. Aloe safuna kuleredwa ngati khanda," anatero.

"Madala, inu dzalani. Ndalama yake ndi yanga," ndinayankha. Mawu amenewa ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Ndinkawathirira tsiku ndi tsiku pamodzi ndi kapinga, n'kumawaikira feteleza wa urea wotsala kumunda wa chimanga. Masamba ananenepa, obiriwira ngati ndiwo za kudimba, ine n'kumanyadira. Nyengo yozizira itafika, mu Juni ndi Julayi, pomwe ma aloe amayenera kumasula, pa 40 paja anayi okha ndi omwe anatulutsa mapesi a maluwa. Tichoso tinkabwera tiwiri titatu m'mawa, pofika 9 koloko tapita. Bilu ya madzi ya miyezi imeneyo sinditchula.

M'malo mofunsa madala aja, ndinafunsa foni. Pa YouTube pali mavidiyo ambiri a anthu a ku America akukopa timbalame ta hummingbird ndi mabotolo a madzi a shuga. Timeneto kuno kulibe, timapezeka ku America kokha, ndipo timayamwa tili m'malere, pomwe tathu timakonda kutera kaye pa kanthambi. Komabe ndinati mbalame ndi mbalame. Ndinaboola mabotolo atatu a pulasitiki, n'kumangirira nsalu zofiira, n'kuwapachika. Mavidiyowo ankati kapu imodzi ya shuga ku makapu anayi a madzi. Ine ndinati anthuwa ndi oumira, mlendo sapatsidwa tiyi wopanda shuga. Ndinathira kapu ya shuga pa kapu ya madzi, n'kuwonjezera uchi kuti zikome. Safunsa anadya phula.

Sabata zoyamba ndinaona ngati ndapambana. Kachoso kamphongo kakuda, ka pachifuwa pofiira ngati magazi, kanayamba kubwera. Koma kanalanda malo onse. Kankakhala pa waya tsiku lonse kulondera mabotolo, kanzake kakangoyandikira kakuthamangitsa mpaka kuseri kwa mpanda. Ku maluwa sikankapitanso. Dzuwa la Seputembala litayamba kuwawa, madzi aja ankasasa pa masiku awiri atatu, fungo lake ngati thobwa logonetsa, m'kati mwa botolo mukumera nkhungu yakuda. Ine ndinkangowonjezera pamwamba osatsuka, poti shuga ndi ndalama. Kenako njuchi zinadziwa. Nyengo imeneyo kutchire maluwa ndi madzi zimakhala zitasowa, ndiye nditaziikira madzi okhuthala onunkhira uchi, zinaitanizana.

Chinkhoswe choyamba chachikulu chinachitika Loweruka lina mu Okutobala 2022. Eni ake analipira K150,000. M'mawa mwake madala anandiuza kuti tichotse mabotolo, ine ndinati ndi omwe akope mbalame alendo aone. Pofika masana njuchi zinali zitadzaza pa mabotolo, ndipo zakumwa zitatsegulidwa zinasamukira pa matebulo. Perekaniperekani ali m'kati, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kanalumidwa kawiri kumaso. Nkhope inatupa mpaka diso kutsekeka. Ndinakanyamula pa galimoto yanga kupita nako ku chipatala cholipira, mayi ake akulira kumbuyo, ine thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera pa chiwongolero. Mulungu anatichitira chifundo, mwanayo anatuluka madzulo omwewo. Ndinalipira K45,000 ya chipatala, ndinabweza theka la ndalama ya malo, ndipo nkhani itayenda pa WhatsApp mabanja awiri omwe anali atasungitsa malo a mu Disembala anasintha maganizo. Ankhoswe a kuchimuna anandilankhula mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo unandipweteka kuposa akanandikalipira.

Mkwiyo wanga unagwera pa tizilombo. Pa hibiscus ndi ma aloe panali nsabwe za zomera, nyerere zikukwera ndi kutsika. Ndinagula mankhwala awiri, ena opopera, ena othira pa mizu omwe amalowa m'thupi lonse la chomera, n'kupopera bwalo lonse mpaka akangaude a m'mpanda. Sindinaganize kuti mankhwala olowa m'thupi la chomera amafikanso mu timadzi ndi mu mungu. Sindinadziwenso kuti choso sakhalira timadzi tokha: amadya tizilombo ndi akangaude, ana ake amawalera ndi zimenezo, ndipo chisa chake cholendewera chija amachimanga ndi ulusi wa kangaude. Mu mtengo wa ndimu munali chisa chotero. Patatha masiku ochepa madala anandiitana n'kundionetsa tiana tiwiri titauma m'chisamo. Sanalankhule kanthu. Anangotikwirira pansi pa ndimuyo n'kupitiriza kusesa.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Za maluwa anga ndizitchula mwachidule, chifukwa ku Chilobwe ndi ku Soche anthu anataya abale ndi nyumba. Madzi anadikha kumunsi kuja kwa masiku ambiri, ndipo ma aloe omwe mizu yake inali yofooka kale ndi kuthirira kwanga anawola 27. Otsala 13 madala anawazula, kuwayanika pa mthunzi sabata yathunthu kuti mabala aume, n'kuwadzala kumtunda pa miyala ndi mchenga, pomwe ananena tsiku loyamba paja. Ulendo uno sanandifunse, nanenso ndinangokhala chete.

Zinthu zinatembenuka mu Juni chaka chomwecho. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe amaphunzira za zomera ku Zomba, anabwera kudzakhala nafe masabata awiri. Asanu ndi awiri mwa ma aloe aja anali atamasula. Nditamufotokozera mavuto anga anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Amalume, mawa mudzuke 5 koloko, ndipo mundipatse neti yakale ya udzudzu."

Madzulo anakulunga mapesi atatu ndi zidutswa za neti kuti mbalame kapena njuchi zisafikepo. M'mawa, chiperoni chikuwaza, anatulutsa timapaipi tagalasi toonda ngati udzu ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, komwe umadontheza madzi n'kuyang'ana ku kuwala kuti uone kuchuluka kwa shuga. Timadzi ta aloe wanga tinaonetsa pafupifupi magawo 18 pa 100. Anandiuza kuti ndisakanize madzi monga ndinkachitira kale. Anapitirira 40.

"Amenewa ndi a njuchi, amalume. Munkaphikira njuchi, ndiye zinabwera."

Anandifotokozera kuti maluwa a njuchi nthawi zambiri amakhala ndi timadzi tochepa koma tokhuthala, pomwe a mbalame timadzi take timakhala tambiri koma tamadzimadzi. A choso amakhala pakati pa magawo 15 ndi 25 pa 100, ndipo ambiri shuga wake ndi wa mtundu wa mu nzimbe. Palinso maluwa ena oitana mbalame za milomo yaifupi monga pumbwa ndi atchete; amenewo timadzi timachita kusefukira, koma shuga wake ndi magawo 8 mpaka 12 okha, ndiponso ndi wa mtundu wa m'zipatso, chifukwa mbalame zina mimba zake sizigaya shuga wa nzimbe. Timadzi tamadzimadzi timakwera msanga pa lilime la choso, lomwe lili ngati kapaipi, pomwe tokhuthala timachedwa ngati phala pa kaudzu. Kufiira kwa duwa, kusanunkhira kwake ndi kutalika kwa khosi lake, zonsezo n'zokomera mbalame ndi kugwetsa ulesi njuchi. Anatchulanso aloe wina wa ku KwaZulu-Natal, Aloe vryheidensis, yemwe timadzi take ndi takuda ndi towawa, moti njuchi ndi choso zimatikana koma apumbwa amamwa bwinobwino. Chomeracho chimadzisankhira mlendo. Ndinakumbukira mvunguti ndi mlambe za kumudzi, zomwe maluwa ake amatseguka usiku. Ndi mileme ija, anatero, chakudya chimaikidwa pa ola lomwe mwini wake amafika.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndinachiona ndi maso anga. Anakoka timadzi tonse m'maluwa asanu n'kuwaphimbanso. Madzulo tinapeza kadontho katsopano m'maluwa amenewo. Koma omwe tinawasiya osawakhudza sanapitirize kudzadza mpaka kutayikira, anafika pena n'kuima. Iye anati shuga ameneyu amapangidwa m'masamba ndi mphamvu ya dzuwa, n'kutumizidwa ku tiziwalo tili kunsi kwa duwa pomwe pamadzakhala mbewu, ndiye chomera sichimwaza chuma chake chisawawa. Mlendo akamwa chimawonjezera, akapanda kubwera chimaleka, ndipo zomera zina zimayamwanso shuga wotsala duwa likamafota. Apa ndinamvetsa chifukwa chake ma aloe a pansi pa mango aja sankamasula: mthunzi unawamana dzuwa, ndipo urea anangowatumiza kukapanga masamba.

Anandionetsanso momwe phesi la aloe limatsegukira, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, maluwa ochepa pa tsiku, mwakuti phesi limodzi limatha masabata angapo. Duwa lililonse limayamba ndi kutulutsa mungu, mbali yolandira mungu n'kukhwima pambuyo pake. Mbalame ikafika imapeza zokwanira kuti ibwerenso mawa, koma zosakwanira kuti ikhute pa chomera chimodzi, ndiye imayenera kuuluka kupita pa china itanyamula mungu kumutu ndi pakhosi. Botolo langa linaphwanya dongosolo lonseli. Kachoso kamodzi kankakhuta pamalo amodzi, kakuthamangitsa anzake, maluwa n'kukhala opanda wowayendera.

Madala ankamvetsera atatsamira khasu. Atamva za ma peresenti anapukusa mutu. "Mwanawe, sukulu ndi yabwino. Ife timangodziwa kuti aloe akafiira masamba m'chilimwe usamumvere chisoni." Anali kunena zoona. Anga aja anapezeka kuti ndi Aloe cameronii, wotchedwa dzina la Kenneth Cameron yemwe anamutola ku Malawi kuno akugwira ntchito ku African Lakes Corporation, ndipo masamba ake amasanduka ofiira ngati mkuwa akakhala padzuwa opanda madzi. Ine ndinkati akudwala, n'kumamuthirira. Madzi a dzinja omwe amasunga m'masamba ake onenepa ndi omwe amapangira timadzi pa nthawi yomwe kutchire kwauma, mbalame zili pa njala ndi ludzu. Koma musatengere aloe pa zomera zonse. Bottlebrush ndi chitsamba cha maluwa ofiira a khosi lalitali chotchedwa Cape honeysuckle, zomwe ndinadzala pambuyo pake, zikauma kwambiri mu Okutobala timadzi timachepa. Zimenezo ndimazithirira kawiri pa sabata madzulo, n'kuphimbira pansi ndi udzu.

Vuto lina linadikira mpaka Ogasiti. Ndinkayembekezera mbewu kuti ndifese, ndibwezeretse 27 aja ndi kugulitsako ena. Mbalame zinayendera maluwa, koma mapesi anangouma opanda chibalobalo ngakhale chimodzi chooneka. Ndinaimbira foni mwana uja. Funso lake loyamba linali lakuti ndinawagula kuti. Nditatchula za tsinde limodzi lija anati, "Ndiye ndi chomera chimodzi chomwecho, amalume, mwangochigawa pa 40." Ma aloe ambiri salandira mungu wawo womwe, amafuna wochokera ku chomera china cha mtundu wawo chomwe si mphukira ya mayi mmodzi. Chaka chathunthu chinapita pamenepo. Pogula funsani, ndipo tengani kwa anthu awiri kapena atatu osiyana. Mukaona wina akugulitsa aloe wamkulu wa mizu yoduka, dothi la kuphiri likadali pomwepo, musiyeni, ameneyo wazulidwa kutchire ndipo mapiri athuwa ayera kale mokwanira.

Ndinachedwa kugula ena poyembekezera kuti ndalama ipezeke, kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya chilichonse n'kukwera. Zomera zomwe ndikanagula ndi K60,000 ndinazipeza ndi ndalama yoposa K100,000, ndipo zina ndinachita kusinthana ndi mayi ena a kutchalitchi kwathu, ine kuwapatsa ma rozi aja, iwo kundipatsa ma aloe a ku bwalo lawo. Pa zonse, kuyambira maluwa olakwika, mankhwala, chipatala, ndalama yobweza ndi kugulanso, ndinataya ndalama yoposa K700,000, osawerengera madzi ndi zinkhoswe zomwe zinandidutsa. Malata aja anadikira zaka ziwiri, ndipo mayi a kunyumba amandikumbutsa mvula iliyonse ikadontha pakhonde.

Mabotolo ndinawataya. Ngati inu mukufunabe botolo, ikani kapu imodzi ya shuga woyera wamba ku makapu anayi a madzi owiritsa n'kuzizira. Uchi ayi, utoto ayi, ndipo shuga wa anthu odwala matenda a shuga musayerekeze, chifukwa mtundu wina wake wotchedwa xylitol unaphapo mbalame zoyamwa maluwa ku South Africa. Lipachikeni pa mthunzi, kutali ndi pokhala anthu ndi pomwe mphaka angabisale, ndipo nyengo yotentha muzikhuthula ndi kulitsuka tsiku lililonse. Nsabwe za zomera tsopano timazichotsa ndi madzi a sopo wochepa ndi mswachi wakale, madzulo mbalame zitapita, ndipo osati pa maluwa. Akangaude a m'mpanda ndinawasiya, ngakhale alendo ena amandiyang'ana ngati munthu wauve.

Mu Juni 2024 ma aloe 22 anamasula kumtunda kuja, ena kutsogola, ena kutsatira, mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. M'mawa wina ndinawerenga mitundu itatu ya choso nthawi imodzi: wa pachifuwa pofiira uja, wina wa pamimba pachikasu, ndi wina wakuda bii wonyezimira pakhosi. Apumbwa nawo ankabwera, nkhope zawo zitayera ndi mungu wachikasu ngati ana oba ufa wa mkaka. Njuchi zimafikabe kudzatola mungu dzuwa likakwera, koma zimakhala ku maluwa, pa matebulo sizifika. Wojambula zithunzi wina anandiuza kuti mkwatibwi wake akufuna mbalame pa chithunzi cha 2 koloko masana. Ndinamuuza kuti abwere 6 koloko m'mawa kapena ajambule phiri. Anasankha phiri.

Mu Seputembala zibalobalo zinauma n'kuyamba kung'ambika. Madala anazikungira mu envelopu, tinafesa mu mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa pang'ono, ndipo zinamera zoposa 200. Zili m'machubu pansi pa shedi, zazikulu ngati chala, ndipo zitenga zaka zingapo zisanamasule. Dzulo ndinawapeza madala akuchotsa kheni yothirira m'manja mwa mdzukulu wanga, yemwe ankafuna kuthandiza. Anamupatsa tsache.